Mabuleki Amene Sanadule

Ku Jenala, mkazi akafuna kunyoza mwamuna wake wopanda khalidwe ankangomuuza kuti akaone a Sitima. Zaka khumi ndi chimodzi ali pachikamwini kwawo kwa mkazi wake Mervis, palibe amene anamumvapo Sitima akukweza mawu, ndipo panalibe tsiku limene anayang'anapo apongozi ake aakazi kumaso. Mayiwo, omwe mudzi wonse unkawatchula kuti amake Howard, akatulukira kunjira uku, Sitima ankapatukira kutchire uko, kaya kuli minga kaya kuli chitedze, n'kunjuta atafulatira mpaka iwo atadutsa. Akafuna kuwauza kanthu, mawu ankadzera mwa Mervis, ndipo yankho linkabwerera njira yomweyo. Akamwini achinyamata anali atausiya mwambowu, amvekere zimenezo zinapita ndi chipani chimodzi, koma Sitima ankaunyadira ngati mmene ena amanyadirira nyumba ya malata.

Ulemu umenewu ndi umene unamupatsa galimoto. Howard, mlongo wake wa Mervis, ankagwira ntchito ku Limbe, ndipo m'chaka cha 1998, ataona kuti ogula nandolo achuluka pa Migowi, anagula kapikiyapu koyera kakalekale kuti kazinyamula mbewu ndi anthu. Pamudzipo panali Amosi, mwana wa mayi ake aang'ono a Howard, yemwe anali ndi laisensi komanso pakamwa potalika. Koma makiyi anapita kwa Sitima, amene anayendetsapo lole ku esiteti ya tiyi asanakwatire. Amosi anang'ung'udza sabata yathunthu kuti chuma cha pamtundu chagwera m'manja mwa munthu wobwera, n'kumakumbutsa aliyense womumvera kuti mkamwini asamakule mwendo.

Popereka makiyiwo, Howard analoza kapepala kozungulira komatidwa pagalasi la kutsogolo. Anafotokoza kuti walipira inshulansi yaikulu, osati ija yongosangalatsa apolisi pamsewu, imene imangolipira munthu amene wamugunda. Iyi, galimoto ikaphwanyika, kampani idzaikonzetsa. Kenako anamuyang'ana mlamu wakeyo.

"Alamu, ngozi sindiiopa, chakudza sichiimba ng'oma. Koma tsiku limene mudzandinamize za galimotoyi, makiyi ndidzatenga."

Sitima anaseka pang'ono. Bodza linali lisanamudutsepo pakamwa chikhalireni pamudzipo, ndiye chenjezolo analiona ngati la munthu wina.

Lachiwiri lina mu Ogasiti ananyamuka m'mawa ndi matumba khumi a nandolo kulowera ku Migowi. Atangodutsa pasukulu, pamene msewu wafumbi umachepa n'kutsetsereka, anaona munthu wa chitenje chobiriwira akuyenda patsogolo ndi ndodo. Chitenjecho anachidziwa msanga, poti anachigula yekha pa Khirisimasi n'kuchipereka kudzera mwa Mervis. Anali apongozi, ndipo anali atayamba kucheuka. Pa zimene zinatsatira, mutu wa Sitima sunafunsidwe n'komwe. Khosi linatembenuzira nkhope kumbali, manja n'kupotoza chiwongolero kuloza kutchire, monga momwe miyendo yake inkachitira zaka zonsezi. Anaiwala kuti lero sali wapansi. Galimoto inalumpha ngalande n'kukakumbatira mtengo wa mango.

Boneti inapindika ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe, ladiyeta inaphulika n'kumafuka nthunzi, nyali imodzi inasweka, matumba awiri anang'ambika nandolo n'kungoti mbwee m'udzu. Sitima anatuluka wamoyo, atangong'ambika mlomo. Ndiye mukuganiza anatani munthu wamkuluyu? Anazungulira kuseri kwa galimoto n'kunjuta atafulatira msewu. Anamva mapazi akuyandikira, limodzi likukhwekhwereza pansi. Mapaziwo anaima kanthawi ndithu, ngati mwini wake akudikira kanthu. Kenako anabwerera kumsewu n'kumka nazilala.

Anthu anathamangira pamalopo kuchokera m'makomo ndi m'madimba. Funso linali limodzi: chachitika n'chiyani pamsewu wopanda galimoto ina, wopanda ngakhale mbuzi? Sitima anayang'ana nkhope zonsezo n'kuoneratu momwe nkhaniyi idzakomere pabawo ndi pachigayo, kuti bambo wa ndevu zake wathawa apongozi ndi galimoto yomwe. Anaoneratu mano a Amosi ali panja. Manyazi anamugonjetsa, ndipo pakamwa pake panatuluka mawu awiri okha, akuti mabuleki anadula.

Bodza likangobadwa limafuna kudyetsedwa tsiku ndi tsiku. Sitima analinena kwa wapolisi amene anabwera kudzayeza pamalopo ndi tepi. Analinenanso pa foni ya ku positi ofesi pomuuza Howard. Fomu ya inshulansi itabwera pa basi, analilemba ndi dzanja lake m'zilembo zikuluzikulu n'kusaina pansi. Pamene fomuyo inkafunsa ngati panali mboni, analemba kuti panalibe.

Chimene sanachiganizire pansi pa mango paja n'chakuti mabuleki amakhala ndi mwini wake. Sabata imodzi ngoziyo isanachitike, anali atawakonzetsa kwa Dyson, makaniko wa kuseri kwa chigayo pa Migowi, mnzake wa mukwaya, bambo wa ana asanu. Pa Migowi mbiri siigona panjira. Pofika Loweruka, eni maminibasi awiri anali atachotsa galimoto zawo pagalaja ya Dyson, imodzi ikadali pajeke, n'kupita nazo kwa wina. Makondakitala akamadutsa ankamukuwa kuti achimwene, lero mupha ndani. Sitima anazimva zonsezi. Anayamba kuzungulira kumsika wa nsomba kuti asadutse pagalajapo, ndipo Lamulungu ananamizira chifuwa, kukwaya osapita.

Galimoto inakokedwa ndi thirakitala mpaka pakhomo. Howard analamula kuti wina asaikhudze, ngakhale kuwongola boneti ndi nyundo, mpaka munthu wa inshulansi adzaione momwe ilili. Inakhala pabwalo masabata atatu, nkhuku zikuikira pansi pake, nandolo wa anthu akupita ku Migowi panjinga. Sitima akatuluka m'mawa ankakumana nayo maso ndi maso, iyo itatsinzina diso limodzi.

Koma chimene chinkamudya kwambiri chinali nyumba yachitatu kuchokera pa yake. Amake Howard anaona zonse, ndipo sananene kanthu. Tsiku la ngozi lija anabwerera madzulo pa kabaza, phazi litakulungidwa bandeji. Mervis anati mayi akewo anadzitema ndi khasu masiku apitawo, bala linatupa, ndiye anakaonetsa kuchipatala. Sitima anatumiza mawu a pepani kudzera mwa mkazi wake, ndipo yankho linabwera loti zikomo. Basi. Tsiku lililonse ankadikira kuti aitanidwa, tsiku lililonse dzuwa linkalowa kuli zii. Akanamutukwana bwenzi zili bwinoko. Mervis anamufunsa kawiri chimene chikumuwondetsa, iye n'kuyankha kuti ndi maganizo a galimoto.

Wa inshulansi anafika Lachinayi masana pamodzi ndi Howard. Anali bambo oonda a magalasi, dzina lawo a Cornelius, ovala tayi koma atanyamula ovolosi m'chikwama. Anapempha kuti amene anakonza mabuleki aitanidwe, ndipo Dyson anabwera panjinga, ali ndi girisi m'zikhadabo. Mipando inatulutsidwa pafupi ndi galimoto. Abale anasonkhana osaitanidwa, Amosi n'kukhala kutsogolo ngati ndi chinkhoswe. Amake Howard anakhala chapatali pakhonde, atayang'ana kukhoma, phazi lodwala atalitambasula.

A Cornelius anawerenga fomu mokweza, kenako anafotokoza mosapupuluma, ngati munthu amene wanena zimenezi m'midzi yambiri. Inshulansi imeneyi, anatero, imalipira ngozi, ngakhale ngozi yochitika chifukwa dalaivala walakwitsa, poti ndi ntchito yake imeneyo. Koma mabuleki odula patangotha sabata atakonzedwa ndi nkhani ina. Zikatero ndiye kuti galimoto inalowa pamsewu isali bwino, ndipo kampani siitulutsa kanthu mpaka zitadziwika kuti wolakwa ndani. Akadziwika, amalondoledwa iyeyo.

Howard anatembenukira kwa Dyson nkhope itasintha. Anamuuza kuti wamuphera ntchito pakati pa nyengo ya nandolo, kuti akanamuphera mlamu wake, ndipo kuti akaonana kukhoti. Sitima ankayembekeza kuti Dyson akana, alumbira, amuloza chala kuti ndi wabodza. Akanatero, mwina iye akanaumitsa khosi n'kupitiriza. Koma Dyson anangoima akupotapota kapusi yake m'manja.

"Bwana, mabulekiwo ndinawamanga bwino mmene ndikudziwira ine," anatero motsitsa mawu. "Koma masabata atatuwa ndakhala ndikuganiza. A Sitima sanama, tonse timawadziwa. Ngati iwo akuti anadula, ndiye kuti penapake dzanja langa linaphonya. Zitsulo zanga zilipo, mukhoza kutenga."

Mawu amenewo anamugunda Sitima kuposa mtengo wa mango uja. Munthu ankapereka masipanala odyetsera ana asanu chifukwa chomukhulupirira iye. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, koma apa manyazi a Sitima ankapha munthu wina, iye ali phee pampando. Anadzuka n'kugwada pafumbi pamaso pa Howard.

"Alamu, mabuleki sanadule. Sindinawaponde n'komwe. Ndinaona mayi patsogolo, ndiye ndinawapatukira."

Anthu anayang'anizana. Kenako Amosi anaphulika chikhakhali mpaka kugwa pampando. Amayi anatseka pakamwa ndi zitenje, mapewa akugwedezeka, wina n'kumafunsa mnzake ngati galimoto nayonso inanjuta. Ngakhale a Cornelius anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali atayang'ana pansi. Kuseka kumene Sitima anakuthawa masabata atatu kunamupeza, ndipo anakumva konse atazyolika. Amene sanaseke anali Howard ndi Dyson. Dyson anangomuyang'ana mnzake wa mukwaya uja, n'kuvala kapusi yake pang'onopang'ono.

A Cornelius anavala ovolosi n'kukwawira pansi pa galimoto, nkhuku n'kutuluka zikutetera. Anauza Dyson kuti alowe azipondaponda buleki. Patapita kanthawi anatuluka ali ndi nthenga paphewa, n'kunena kuti mabuleki akugwira ngati atsopano. Ananena kawiri, mokweza, ndipo analonjeza kumulembera makanikoyo kalata yoti azionetsa aliyense womukayikira. Atatero anauza Howard kuti fomu yabodza ikanakhala ndiyo mawu omaliza, nkhani ikanathera pomwepo, galimoto n'kuolera pabwalo. Koma poti iwo anali asanalembe lipoti lawo, akhoza kupereka fomu yatsopano, bola dalaivala akakonzenso zimene ananena kupolisi. Vuto linali limodzi. Munthu akasintha nkhani, ku ofesi samukhulupirira popanda mboni, makamaka nkhani ngati imeneyi, ndipo fomu inali itanena kale kuti mboni panalibe.

"Mboni ndilipo."

Mawuwo anachokera pakhonde. Amake Howard sanatembenuke. Analankhula ndi khoma monga mwa mwambo, koma mokweza kuti aliyense amve. Anati m'mawa wa tsikulo phazi linali litatupa mpaka nsapato osalowa, ndipo Mervis anali atalawirira kudimba, ndiye anangotenga ndodo n'kuyamba ulendo wa kuchipatala cha pa Migowi. Atamva galimoto kumbuyo anaidziwa kulira kwake, ndipo ankadziwanso kumene inkapita. Analimbana ndi mtima, poti zaka khumi ndi chimodzi anali asanamupemphepo mkamwini wawo kanthu pamaso. Ululu unapambana. Anacheuka n'kukweza mkono kuti aime.

"Mkonowo sanauone, chifukwa nkhope anali atabweza kale. Nditapita kukaona ngati avulala, ndinapeza msana. Ndinaima, ndimati mwina afunsa kuti mayi, mukupita kuti ndi phazi limeneli. Kuchipatala ndinafika dzuwa lili paliwombo. Lembani choncho, bambo. Mulembenso kuti mkamwini wanga ndi waulemu kwambiri."

Anawonjezera kuti anakhala chete podikira kuti mwini wake anene yekha, ndipo kuti za a Dyson azimva lero, akanadziwa akanalankhula kale.

Palibe anasekanso, ngakhale Amosi. Sitima anazindikira kuti manyazi amene ankawaopa aja anali aang'ono. Kusekedwa munthu amazolowera. Koma phazi lija analimva likukhwekhwereza kumbuyo kwake, analimva ndi makutu ake, ndipo iye anali wotanganidwa ndi kukhala mkamwini wabwino. Zaka zonsezi ankaganiza kuti mayiwa amawalemekeza kuposa aliyense pamudzipo, chonsecho sankadziwa ngakhale kuti akutsimphina. Analira, ndipo sanayese kubisa. Mervis anadzuka n'kukakhala pafupi ndi mayi ake, osamuyang'ana.

A Cornelius anapita pakhonde ndi inki, amake Howard n'kudinda chala pansi pa umboni wawo. Sitima analemba fomu yatsopano atagwadabe, pepala lili pampando, ndipo ulendo uno zilembo zinali zazing'ono. Atamaliza, Howard anaima patsogolo pake n'kutambasula chikhatho. Sitima anapisa m'thumba n'kutulutsa makiyi aja, ali pa kachingwe kamene anakaluka yekha.

M'mawa mwake anapita kupolisi kukakonza mawu ake. Wapolisi anamuuza kuti abwereze kawiri, kenako anaitana mnzake kuti adzamve yekha. Kuchoka kumeneko Sitima analunjika kuseri kwa chigayo, n'kuima pagalaja ya Dyson pamene panali makondakitala ndi ogaitsa, n'kunena zonse mokweza, popanda kudumpha pochititsa manyazi. Dyson anali pansi pa njinga yamoto ya munthu. Anangoyankha kuti wamva, n'kupitiriza ntchito. Minibasi imodzi inabwerera kwa iye sabata yotsatira, inayo siinabwerenso. Kukwaya ankaimbabe onse mawu a besi, koma pakati pawo pankakhala munthu wina.

Galimoto inanyamulidwa pa lole kupita ku galaja ya ku Limbe imene a inshulansi anasankha. Inabwerako mu Okutobala ili ndi ladiyeta yatsopano, maso onse awiri, ndi boneti yoyera kuposa thupi lonse, moti aliyense woiona ankakumbukira nkhani yake. Makiyi anaperekedwa kwa Amosi.

Tsiku lina m'mawa Sitima ankakankha njinga yokhala ndi thumba la nandolo wake womaliza kulowera ku Migowi. Atafika pamotsetsereka paja, pamene mtengo wa mango unali udakali ndi chipsera, anamva kulira kwa injini imene ankaidziwa bwino. Anacheuka. Pampando wa kutsogolo, pambali pa Amosi, panali chitenje chobiriwira. Miyendo yake inayamba yokha ulendo wa kutchire. Anaigwira. Anaima m'mphepete mwa msewu atakakamira mahandulo a njinga, thukuta likutsika, n'kudzutsa maso.

Ulendo uno mkono anauona. Unakwera n'kugwira Amosi paphewa, ndipo mabuleki a Dyson anagwira nthawi yomweyo, fumbi n'kumukuta Sitima. Litatsika, anaona nkhope ya apongozi ake pafupi kwa nthawi yoyamba. Anali ndi mpata pakati pa mano ngati wa Ethel, mwana woyamba wa Sitima, ndipo zaka zonsezi iye ankadabwa kuti mwanayo anautengera kwa ndani.

"Bambo a Ethel," anatero amake Howard akumuyang'ana m'maso, "kwezani thumbalo ndi njingayo kumbuyo. Ife tikaona munthu panjira timaima."

Sitima anakweza thumba, anakweza njinga, n'kukhala pamwamba pa matumba a anthu, kumbuyo kwa galimoto imene ankaiyendetsa.